Pulojekiti ya chaka chomaliza pa Scribus: tisankhe chiyani choti chithe m'masabata 12?

mwana_wa_kuMalindi

Moni nonse akuluakulu. Pagulu lathu tilipo atatu, ophunzira zamakompyuta, ndipo tapatsidwa masabata 12 kuti tipereke pulojekiti ya chaka chomaliza. Lamulo lake n'lakuti tigwire ntchito pa pulogalamu yomwe khodi yake ndi yotseguka kwa aliyense. Ife mtima uli pa Scribus, ija yoyalira masamba a nyuzipepala, timabuku ndi makadi, chifukwa kuno ku Mangochi malo ambiri otayipira ndi kupanga fotokope ntchito zimenezi amazichitira pa Word kapena Publisher, ndipo Microsoft inalengeza kale kuti Publisher idzasiya kuthandizidwa mu Okutobala 2026.

Python timaidziwa bwino ndithu, C++ pang'ono chabe. Malaputopu awiri ali ndi RAM ya 4GB, imodzi 8GB. Intaneti ndi ya bandulo. Maganizo amene tili nawo pakali pano ndi awiri: kumasulira mamenyu onse m'Chichewa, kapena kuwonjezera kanthu mkati mwa pulogalamuyo, kungoti kanthu kake sitikukadziwa. Odziwa zinthuzi, tithandizeni. Ndi ntchito iti yomwe ingathe m'nthawi imeneyi, nikhalanso yaphindu kwa anthu osindikiza kunoko?

Nkopola_Py

Aphwanga, za kumasulira mamenyu zisiyeni kaye. Ntchitoyo ndi yabwino koma si khodi. Mumatsegula fayilo ya .ts mu Qt Linguist n'kumalemba mawu amodziamodzi, ndipo Scribus ili ndi mawu masauzande angapo. Okuyesani adzafunsa kuti mwalemba pulogalamu iti, inu mudzasowa choloza.

Tengani iyi: Scribus sidziwa kudula mawu a Chichewa kumapeto kwa mzere. Mawu athu ndi aatali, taonani "ndikanakudziwitsani" kapena "akadzatithandiza". Mukawaika mu kolamu ya 45 mm n'kulamula kuti mizere ifanane mbali zonse ziwiri, mawu amodzi otere amagwera mumzere wapansi onse athunthu, wapamwambawo n'kutsala ndi mipata yoti chala chikwanemo. Wokonza tsamba akatopa nazo amayatsa kudula mawu, koma poti chiyankhulo cha ndimeyo chidakali Chingerezi, pulogalamu imadula ndi malamulo a Chingerezi. Ndiye mumapeza zinthu zonga "maphun-ziro" ndi "chim-wemwe", zomwe ngakhale mwana wa Sitandade 2 angakane.

Mwayi wanu ndi wakuti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Scribus imadula mawu pogwiritsa ntchito laibulale yotchedwa hyphen, yomweyonso ili mu LibreOffice, ndipo njira yake ndi ija Frank Liang anakonzera TeX, pulogalamu yoyalira zolemba, mu 1983. Mumalemba timagulu ta malembo tokhala ndi manambala pakati. Nambala yosagawika pawiri imalola kudula pamalopo, yogawika pawiri imaletsa, ndipo ziwiri zikakumana yaikulu ndiyo imapambana. Fayilo yoyambira, itcheni hyph_ny_MW.dic, ili chonchi:

UTF-8
LEFTHYPHENMIN 2
RIGHTHYPHENMIN 2
a1
e1
i1
o1
u1

Mizere 8 imeneyi ikupatsani kale ma-phu-nzi-ro, chi-mwe-mwe ndi mphu-nzi-tsi. LEFTHYPHENMIN 2 ndi amene akuletsa kuti "a" yekha wa mu "anthu" atsale kumapeto kwa mzere. Musaganize kuti pulojekiti yatha pamenepo. Masabata anu apita pa zotsatirazi.

Nkhodolero ndiyo imavuta kuposa zonse. Laibulale ya hyphen ikalandira fayilo yopanda mzere wa NEXTLEVEL imadziikira yokha malamulo oyamba, ndipo m'malamulowo nkhodolero ndi malire a mawu awiri, monga zimakhalira m'Chifalansa. Kwa ife ng' ndi liwu limodzi. Choncho "pang'ono" amasanduka "pang" ndi "ono", ndipo kudula kwa pa-ng'o-no kumatha kusowa. Lembani nokha gawo loyambalo, mutsekere ndi NEXTLEVEL, malamulo anu a maphatikizo abwere pansi pake. Yesani ndi nkhodolero zonse ziwiri, yowongoka ya pa kiyibodi U+0027 ndi yopindika U+2019 imene Word imaika yokha. Zolemba zomwe anthu amabweretsa pa fulashi zimakhala ndi zonse ziwiri m'ndime imodzi.

Kenako malembo a liwu obwerezedwa, monga mu "zii", "phee", "mbuu", ndi mawu ena obwereka. Mudzafuna kulemba a2a kuti asadulidwe pakati. Msampha uli apa: laibulale ya hyphen imangotsata gulu lalitali kwambiri lomwe lapezeka pamalopo, sisonkhanitsa onse monga imachitira TeX. Ikafika pa "aa" imaiwala a1 wa "a" wachiwiriyo, ndiye kudula kotsatira kumatayika. Muyenera kulemba a2a1. Mu khodi ya hyphen muli kapulogalamu ka Perl kotchedwa substrings.pl kamene kamakonza zimenezi pa fayilo yonse. Kayendetseni nthawi iliyonse mwasintha malamulo.

Vuto lachitatu ndi maina achilendo. Obwereka kale ngati su-ku-lu, pu-lo-ga-la-mu, ko-mpyu-ta alibe vuto. Koma Fort Johnston, dzina lakale la boma lathuli, lidzatuluka "Fo-rt Jo-hnston", ndipo Johannesburg "Jo-ha-nne-sbu-rg". Apa ndi pamene Python yanu ilowere. Lembani mndandanda wa timagulu tonse ta malembo opanda liwu tomwe timayamba phatikizo m'Chichewa: b, bw, bz, ch, dy, dz, kh, khw, mb, mbw, mph, nd, ndw, ng, ng', nkh, nth, ntch, ny, nz, ps, tch, ts ndi ena onse. Pulogalamu yanu itulutse malamulo oletsa kudula pamene lembo la liwu latsatidwa ndi gulu lomwe mulibe mumndandandamo, ngati rt, hn, sb, rg. Mawu achilendo akapanda kudulidwa palibe cholakwa. Kudulidwa molakwika ndiye konyansa.

Kuyesa kwake kuzichitika ndi manambala. Sonkhanitsani mawu 500 kuchokera m'zolemba zosiyanasiyana, anthu awiri odziwa Chichewa omwe sanaione khodi yanu awagawe m'maphatikizo pamanja, aliyense payekha. Pomwe asiyana, lembani pambali, ndipo ambiri adzakhala a "m" woima payekha pakati pa mawu, monga "pamtengo" ndi "anamfunsa". Kenako werengani zitatu: zodulidwa molondola, zosadulidwa pomwe zikanadulidwa, zodulidwa molakwika. Laibulale ya Python yotchedwa Pyphen imawerenga fayilo yomweyi ndipo ndi yachangu poyesera, koma ili ndi njira yakeyake yowerengera malamulo, choncho vuto la a2a lija siliona. Mayeso omaliza muchitire mu Scribus momwemo.

Mukamaliza Chichewa, chitani Chiyao pa fayilo yake. Maphatikizo ake nawonso amathera pa lembo la liwu, ndipo kuno owerenga ake ndi ochuluka. Mu khodi ya Scribus muli fayilo ya langmgr.cpp yomwe imasunga mndandanda wa ziyankhulo ndi zilembo zake zachidule. Fufuzani ny ndi yao m'menemo. Chomwe mulibe, kuwonjezera mzere umodzi wa C++ ndi kachigamba koyamba kabwino koti mutumize kwa eni pulogalamu.

Mkonzi_paBoma

A Nkopola_Py anena zoona, koma ine ndionjeze ya kumbali yosindikiza, chifukwa wobwera ndi pulogalamu ya ukwati kapena ya mwambo wovundukula chiliza safunsa za maphatikizo. Iye akufuna kabuku ka A5 kopindidwa pakati, mawa mmawa. Scribus ilibe njira yakeyake yosanjira masamba a kabuku papepala lalikulu. Imatulutsa PDF ya tsamba 1, 2, 3 motsatana basi. Anyamata a pa fotokope amasanja pamanja, ndipo mapepala amene amaonongeka poyesera ndi ambiri.

Masamu ake ndi ochepa. Pepala limodzi la A4 logonekedwa limanyamula masamba 4 a A5, awiri kumaso awiri kumbuyo, ndiye masamba onse ayenera kugawika ndi 4. Masamba onse akhale n, mapepala muwawerenge kuyambira 0, pepala lililonse mulitche i. Kumaso, kumanzere kumapita tsamba n − 2i, kumanja 2i + 1. Kumbuyo, kumanzere 2i + 2, kumanja n − 2i − 1. Kabuku ka masamba 16 kamatuluka chonchi: 16 ndi 1, 2 ndi 15, 14 ndi 3, 4 ndi 13, 12 ndi 5, 6 ndi 11, 10 ndi 7, 8 ndi 9. Awiriawiri onsewo mukawaphatikiza akupereka 17, ndipo amenewo ndi mayeso oyamba oti muike mu khodi: nthawi zonse n + 1.

Script yanu itulutse PDF kudzera mu PDFfile ya Scribus, kenako pypdf, laibulale ya Python yokonzera ma PDF, ipange tsamba lopanda kanthu la mapointi 841.89 ndi 595.28 n'kumatapo masamba awiriwo ndi merge_transformed_page. Zomwe zimalakwika ndi izi.

Masamba akakhala 14, awiri opanda kanthu asapite kumapeto kwenikweni, apo ayi chikuto chakumbuyo chilowa mkati. Alowe chikutocho chisanafike, ndipo wogwiritsa ntchito apatsidwe mwayi wosankha malo.

A5 m'lifupi ndi 148 mm, awiri 296 mm, pomwe A4 ndi 297 mm. Milimita yotsalayo musaiponye mbali imodzi. Popinda pali pa 148.5 mm, masamba onse awiri ayambire pamenepo kupita kunja.

Wokonza akaika bleed ya 3 mm, kutanthauza mbali yopitirira m'mphepete yomwe idzadulidwe, tsamba la mu PDF limakula ndipo ngodya yake siikhalanso pomwe mukuganiza. Werengani TrimBox, malire a tsamba likadulidwa, osati MediaBox, malire a tsamba lonse, ndipo mbali ya popinda bleed idulidwe kuti isakwere patsamba linzake.

Mapepala akapindidwa pamodzi, amkati amasuzumira kunja. Pepala la 80 gsm kuchindikala kwake ndi pafupifupi 0.1 mm. Kabuku ka masamba 48 ndi mapepala 12, ndiye lamkati kwambiri limatuluka ndi milimita imodzi ndi kanthu. Akadula m'mphepete kuti mufanane, nambala za masamba apakati zimayandikira kumphepete kuposa zakunja. Pulogalamu izisuntha zolembedwa kulowera kopinda, ndi i kuchulukitsa kuchindikala kwa pepala. Kuposa mapepala 12 kapena 15, sitepula yaitali mkono imayamba kukana ndipo kabuku sikatsekeka. Pamenepo gawani m'timitolo ta masamba 16 toti tisokedwe.

Chachikulu kwa ife kuno: mapulinta ambiri sasindikiza mbali ziwiri okha. Perekani mafayilo awiri, ya kumaso ndi ya kumbuyo, komanso batani lotembenuza ndondomeko ya yachiwiriyo, chifukwa makina ena amatulutsa pepala chafufumimba ena chagada. Kwa omwe amatembenuza okha, asankhe kutembenuzira kumbali yaifupi ya pepala, akalakwitsa kumbuyo konse kumatuluka chadodolido. Muikenso tsamba loyesera lokhala ndi mzere wa 100 mm woti munthu ayeze ndi rula. Ukapereŵera, ndiye kuti Fit to page ndi yoyatsa ndipo yachepetsa zonse. Mapulinta a muofesi amasiyanso 4 kapena 5 mm m'mphepete osafikako inki, choncho chenjezani wokonza ngati waika mawu pamenepo.

Pa Windows, Scribus imabwera ndi Python yakeyake, ndiye zomwe mwaika ndi pip pa Python ya kompyutayo siziona. Ubwino wa pypdf ndi wakuti yonse ndi Python, mungoika foda yake pambali pa script n'kuilozera mu sys.path. Mukatero zonse zimayenda pa fulashi popanda intaneti, kaya ku Makanjira kaya ku Namwera.

mwana_wa_kuMalindi

Zikomo kwambiri akuluakulu, zonse ziwiri zatigwira mtima. Mnzathu wina akufunsa kuti bwanji osapanga chofufuza masipelo a Chichewa, poti Scribus imagwiritsa ntchito Hunspell, laibulale yofufuzira masipelo? Komanso kodi popanda kukhudza C++ pulojekiti siioneka yopepuka?

Mayi_Mphunzitsi_ICT

Ana anga, chofufuza masipelo a Chichewa chonse sichingathe m'masabata 12. Tawerengani nokha. Mneni wathu amanyamula chiganizo chonse: ndi-na-ku-on-a. Agwirizanitsi a mwininkhani osiyana kalembedwe alipo 12: ndi, u, a, ti, mu, i, li, chi, zi, ka, ku, pa. Tengani aphatikiri a nthawi 8 okha, monga na, da, ma, ku, dza, ka, nka ndi nkadza. Agwirizanitsi a pamtherankhani ndi ngati 13, kuphatikizapo pomwe palibe akwana 14. Mukachulukitsa 12 ndi 8 ndi 14 mupeza 1,344, pa tsinde limodzi, musanaike kukana kwa sindi-, su-, sa-, siti-, musanaike nda-, wa-, ta-, mwa-, cha-, musanafike kumisintho.

Hunspell payokha imachotsa mphatikiri mmodzi kumayambiriro ndi awiri kumapeto. Mukalemba COMPLEXPREFIXES mu fayilo ya .aff zimatembenuka, awiri kumayambiriro mmodzi kumapeto. Chichewa chimafuna ochuluka mbali zonse. Njira yake ndi kulemba Python yomwe ilumikize yokha timagulu tonseto n'kutulutsa .aff, ndipo muike FLAG num chifukwa malembo amodziamodzi ozindikiritsira malamulo adzakutherani. Misintho nayo imatsata lembo la liwu la m'tsinde: phika, phikira, phikitsa, phikidwa, koma lemba, lembera, lembetsa, lembedwa. Tsinde la e kapena o limatenga -er-, -ets-, -edw-, ena onse -ir-, -its-, -idw-. Musayese kuti Hunspell izindikire yokha. Tsinde lililonse lipatsidwe chizindikiro cha gulu lake mu .dic.

Vuto lina si la khodi n'komwe. Anthu amalemba mosiyana: mawu ndi mau, kuwona ndi kuona, m'dziko ndi mdziko. Muyenera kusankha malamulo a kalembedwe oti mutsate n'kuwatchula mu lipoti, ndipo oyenera kuwafunsa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba. Chofufuza chomwe chikudula mzere wofiira pansi pa mawu olondola atatu pa khumi alionse, munthu amachizimitsa tsiku lomwelo. Ngati mnzanuyo waumirira, achepetse: aneni 300 ofala kwambiri, nthawi zisanu, misintho itatu, ndipo ayeze pa ndime zomwe sanazigwiritse ntchito pokonza. GNU Aspell ili ndi kamndandanda kakale ka mawu a Chichewa pansi pa ny, aŵerenge laisensi yake asanatengeko. Kukopera mawu onse a mtanthauziramawu wosindikizidwa popanda chilolezo, zimenezo ayi.

Za C++ tsopano. Pulojekiti imalemera ndi umboni wakuti ikugwira ntchito, osati chiyankhulo chomwe mwalembera. Scribus inayambidwa ndi Franz Schmid mu 2001, ndipo khodi yake ndi ya C++ ndi Qt yomwe yakhala ikuwunjikana zaka zoposa 20. Mafayilo ngati pageitem_textframe.cpp, momwe mawu amayalidwira m'bokosi, kapena pdflib_core.cpp, momwe PDF imalembedwera, ali ndi mizere masauzande, ndipo mukasintha apa chimasweka china kutali. Musayambire kumeneko. Malo oyenera wophunzira ndi foda ya scribus/plugins/scriptplugin. M'menemo lamulo lililonse la Python ndi kafankishoni kakafupi ka C++ m'mafayilo ngati cmdtext.cpp ndi cmdobj.cpp, kolembetsedwa m'tebulo la mu scriptplugin.cpp. Pogwira ntchito yanu ya Python mudzakumana ndi chinthu chomwe menyu imachita koma script singathe. Chimenecho ndiye muwonjezere, potsanzira kafankishoni koyandikana nako. Mizere 30 kapena 40 yomwe eni pulogalamu aiwunika pa bugs.scribus.net ndi yolemera kuposa mizere 2,000 yongokhala mu laputopu yanu.

Pomanga pulogalamuyo, gwiritsani ntchito Ubuntu kapena Debian pa laputopu ya 8GB ija. Yatsani mizere ya deb-src, kenako apt build-dep scribus ikukokerani zofunikira zonse. Zindikirani kuti 1.6 imamangidwa ndi Qt 5 pomwe 1.7 imafuna Qt 6, ndiye nthambi yomwe mwakoka igwirizane ndi zomwe mwaika. Ku CMake perekani -DCMAKE_INSTALL_PREFIX yoloza foda ya kwanu kuti musaononge Scribus ya m'kompyutamo, ndi -DWANT_DEBUG=1. Pa 8GB lembani make -j3, pa 4GB musapitirire -j2. Mukaona uthenga wakuti cc1plus yaphedwa, khodi ilibe vuto, RAM ndiyo yatha. Onjezani swap ya 4GB. Ikani ccache musanayambe, ndipo magetsi akazima pakati musafufute foda, make imapitiriza pomwe inalekera. Pomaliza chitani make install, chifukwa mukaiyendetsa m'foda yomangira siipeza zizindikiro ndi mapulagini ake. Mmodzi akoke khodi ndi mafayilo a .deb, enawo atenge pa fulashi.

Nthawi muigawe motere. Masabata awiri oyamba aliyense ayale pamanja kabuku ka masamba 8 mu Scribus n'kukasindikiza, chifukwa wosadziwa kugwiritsa ntchito pulogalamu amakonza vuto lomwe kulibe. Sabata lachitatu lembani mayeso musanalembe khodi. Kuyambira lachinayi mpaka lachisanu ndi chitatu, khodi. Lachisanu ndi chinayi ndi lakhumi, pitani nayo kwa otayipa awiri kapena atatu, muwasiye aigwiritse ntchito inu muli chete, muzingolemba pomwe akakamira. Awiri otsalawo ndi a lipoti, osawonjezeranso kanthu. Mukanditsata, awiri atenge kudula mawu, mmodzi kabuku, ndipo chionetsero chikhale chimodzi: kabuku ka Chichewa koyalidwa ndi malamulo anu, kosanjidwa ndi script yanu.

Wina akafuna kupitirira nazo, Google Summer of Code yomwe inayamba mu 2005 imalipira anthu ogwira ntchito zotere, ndipo Scribus inakhalapo nawo m'zaka zina. Mndandanda wa mabungwe umasintha chaka ndi chaka. Amene amasankhidwa kawirikawiri ndi amene anatumizako kale tizigamba.

Namwera_Linux

Ndiponyepo tina tating'ono, toti mmodzi ayambirepo kapena tikhale gawo lachiwiri.

Scribus imabwera ndi script ya kalendala yotchedwa CalendarWizard. Kuikamo Januwale mpaka Disembala ndi ntchito ya ola limodzi. Chosangalatsa ndi masiku. Khodi iliyonse yofupikitsa dzina potenga malembo atatu oyamba ikupatsani Lol, Lac, Lac, Lac, Lac, Low, Lam, ndipo yotenga lembo limodzi ikupatsani L kasanu ndi kawiri. Mayina achidule ayenera kukhala ndi mndandanda wawo. Matchuti okhazikika ndi osavuta: 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi, 15 Okutobala ndi ena. Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka mumawerengera kuchokera pa tsiku la Pasaka, dateutil ili ndi fankishoni yake. Eid al-Fitr musailembe ngati yotsimikizika, imadikira kuoneka kwa mwezi, ndiye kalendala iike chizindikiro chosonyeza kuti tsikulo lingasunthe. Kuno ku Mangochi mukalakwitsa pamenepo kalendala yanu sigulidwa.

China ndi lembo la ŵ. M'Chichewa ambiri analisiya, koma m'Chiyao ndi lofala, onani "ŵandu". Mu Unicode ndi U+0175, lalikulu U+0174, koma ena amalitayipa ngati w wotsatidwa ndi kadenga U+0302. Pamaso n'zofanana, kwa kompyuta ndi zinthu ziwiri, ndipo malamulo odulira mawu aja sadzazindikira yachiwiriyo. Musanachite chilichonse, zolemba zidutse mu unicodedata.normalize ndi NFC. Mafonti ambiri okongoletsa makadi alibe lemboli. Preflight Verifier ya Scribus imachenjeza kuti pali lembo losowa, koma siikuuzani fonti ina yoti musinthire. Script yogwiritsa ntchito fontTools, getBestCmap, ingayendere mafonti onse a m'kompyuta n'kutchula omwe ali ndi ŵ, Ŵ ndi nkhodolero yopindika. Charis SIL, Gentium, Andika ndi Noto ali nazo, ndipo ndi aulere. Kwa olemba za kumadrasa, Scribus imatha kuyala Chiarabu kuyambira pa 1.5.3 pomwe inayamba kudalira HarfBuzz, laibulale yolumikizira malembo. Yesani ndime yosakaniza Chiyao ndi Chiarabu pa fonti ya Amiri kapena Scheherazade New, muone pomwe manambala ndi mipumiro zikugwera. Chilichonse cholakwika, kanenani ndi fayilo ya .sla yaing'ono yosonyeza vutolo.

Za malipoti a ana asukulu ndi masetifiketi kuchokera mu CSV, fayilo ya mndandanda ngati ya ku Excel, musalembe kuyambira pachiyambi, ScribusGenerator ilipo kale. Choti muwonjezere ndi dzina lalitali losakwana m'bokosi. Itanani layoutText, funsani textOverflows, ngati lasefukira chepetsani fonti ndi 0.5 pt n'kubwereza, koma musatsike pansi pa 8 pt, m'malo mwake lembani dzinalo mumndandanda woti munthu aone. Mukaiwala layoutText, yankho la textOverflows limatha kukhala lakale. CSV ya ku Excel muitsegule ndi utf-8-sig, apo ayi mutu wa kolamu yoyamba umabwera ndi zinyalala zosaoneka ndipo pulogalamu imati kolamuyo kulibe. Excel imadyanso 0 woyamba wa nambala za foni. Ana akakhala 600, tulutsani fayilo imodzi pa kalasi, ndipo setRedraw ikhale False mpaka kumapeto. Poyesera gwiritsani ntchito maina opeka, a ana enieni asakwere pa GitHub.

Msampha umene umagwira aliyense tsiku loyamba: mu newDocument, PAPER_A4 ili m'mapointi. Mukaiphatikiza ndi UNIT_MILLIMETERS mupeza tsamba la 595 mm ndi 842 mm. Lembani 210 ndi 297 nokha.

Mkonzi_paBoma

Pa mawu a Mayi aja oti mupite nayo kwa otayipa, mukatenge zithunzi zomwe makasitomala amabweretsadi, zotumizidwa pa WhatsApp. Chithunzi cha 10 cm m'lifupi chimafuna mapikiselo 1,181 kuti chifike 300 dpi, chodzaza A5 chimafuna 1,748. WhatsApp imachepetsa chithunzi pokhapokha chitumizidwe ngati dokyumenti. Script ya kabuku ija ikanati izitchula tsamba ndi dpi yeniyeni ya chithunzi chilichonse isanasanje, m'Chichewa chomveka, ingapulumutse inki yambiri.

Nkopola_Py

Ndaiwala chimodzi chomwe chidzakutayitsani tsiku lathunthu. Scribus imawerenga mafayilo a hyph poyamba kutseguka, ndiye mukasintha malamulo itsekeni n'kuitsegulanso. Komanso malo odulira omwe inapeza kale imawasunga mu .sla momwemo. Mukangotsegula fayilo yakale muona zolakwika zomwe zija n'kuganiza kuti malamulo atsopano sakugwira. Sankhani bokosi la mawu, pitani ku Extras, Dehyphenate Text, kenako Hyphenate Text. Onetsetsaninso kuti chiyankhulo chaikidwa mu sitayilo ya ndimeyo, osati pa dokyumenti pokha, chifukwa mawu okopedwa kwina amabwera ndi chiyankhulo chawo. Mawu aafupi kwambiri oti adulidwe muike malembo 5, mizere yotsatizana yothera ndi mdulamawu isapose iwiri. Pa Ubuntu fayiloyo muiike mu /usr/share/hyphen. Mayeso a mawu 500 aja mungawayendetse osatsegula zenera polemba scribus -g -py mayeso.py, ndipo pa makina opanda sikirini yambani ndi xvfb-run.